Mpeni ndi Chimake Chake

Mbiri ya boma la Ntcheu ikamakambidwa, kaya ndi m'kalasi kaya ndi pabwalo, zida zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi zitatu: nthungo, chishango ndi chibonga. Zimenezi ndizo timaziona m'manja mwa amuna ovina ngoma, ndizonso zimajambulidwa pa nsalu za miyambo ya Angoni. Koma pali chida china chimene mwamuna wakale sankachoka pakhomo osachitenga, chomwe olemba mbiri sanachilabadire kwenikweni. Chida chimenechi ndi mpeni wa m'chiuno pamodzi ndi chimake, chija chosungiramo mpeniwo. Nkhondo inkabwera mwa apo ndi apo, koma kusenda nyama, kusalaza mpini, kudula luzi ndi kupala makungwa a mankhwala m'thengo zinali ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo zonsezi zinkalira mpeni.

Chaka ndi chaka Angoni a Maseko akamasonkhana ku Nkolimbo pa mwambo wa Umhlangano, anthu ambiri amafuna kuvala ndi kunyamula zinthu zooneka ngati za makolo. Motero amisiri amasoka zibiya, amapanga zishango, amasula nthungo ndi mipeni motengera zakale. Ine ndimakondwera nayo ntchito imeneyi. Komabe funso limene limandivuta ndi lakuti: kodi tikutengera chiyani, ndipo tikutengera kwa yani? Maganizo anga ndi akuti mpeni wotengera wakale umakhala ndi phindu pokhapokha ngati wousula ndi wougula akudziwa mbiri yake. Ndipo mbiriyo tikaitsata bwino imationetsa kuti mpeni wa ku Ntcheu unapangidwa ndi manja a mitundu iwiri, ngakhale kuti mtundu umodzi wokha ndiwo umatamandidwa.

Chitsulo chinafika kuno kale kwambiri Angoni asanabwere. Akatswiri ofukula zakale, monga Keith Robinson amene anakumba ku Nkope m'boma la Mangochi, anapeza umboni wakuti anthu a m'mbali mwa nyanja ankagwiritsa ntchito chitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga, Yusuf Juwayeyi anafukula zida zachitsulo pamodzi ndi mikanda ndi zinthu zina zochokera kutsidya la nyanja zikuluzikulu. Malo awiri onsewa sali kutali ndi Ntcheu: munthu akatsika mapiri kulowera kuchigwa cha Bwanje, wayamba kale kuyandikira. Enanso amanena kuti dzina lenilenilo lakuti Maravi linachokera ku malawi a moto wa m'ng'anjo umene unkaoneka usiku.

Alendo oyamba kulemba za dziko lino anachita chidwi ndi luso limeneli. António Gamitto, Mpwitikizi amene anayenda kuchokera ku Tete kupita kwa Kazembe mu 1831 ndi 1832, analemba kuti Amaravi ankasula makasu ambiri amene ankagulitsidwa mpaka m'midzi ya Apwitikizi ku Zambezi. David Livingstone anadutsa m'chigwa cha Gowa mu 1863, ndipo mapiri aja a Kirk Range anawatcha dzina la mnzake wa paulendo, John Kirk. Mu 1866 anakweranso mapiriwo pochokera kunyanja, n'kulemba za midzi ya osula ndi ng'anjo zambiri zimene anaziona kumtunda. Livingstone yemweyo anali atalemba kale kuti makasu ena amene anawatenga kuno ku Africa anali a chitsulo chabwino kotero kuti mnzake wa ku Birmingham anasulira mfuti. Tsono pamene tikukamba za mpeni wamakolo, tikukamba za ntchito imene ngakhale eni mafakitale a ku Ulaya anaivomereza.

Kuti mpeni ufike m'chiuno mwa mlenje, unkadutsa m'manja ambiri. Poyamba anthu ankakumba miyala ya chitsulo, ena n'kumadula mitengo yolimba monga muwanga ndi kuwotcha makala. Kenaka amisiri ankamanga ng'anjo yadothi kutali ndi mudzi. Ng'anjo zina zinali zazitali, zokoka mpweya zokha kudzera m'mipope yadothi yoikidwa kunsi. Zina zinali zazifupi, zofuna anthu ovukuta ndi mivukuto ya chikopa cha mbuzi. Ntchitoyi inali ndi miyambo yake yokhwima. Amuna ogwira ntchito pang'anjo ankadika, osagona m'nyumba ndi akazi awo mpaka moto utazima, ndipo mkulu wa ntchitoyo ankaikamo mankhwala amene ankawadziwa iye yekha. Chimene chinkatuluka m'ng'anjo sichinali chitsulo chosalala ayi, koma chibuma chosakanikirana ndi zinyalala, chofunika kuchiwotchanso ndi kuchimenya kambirimbiri.

Apa ndi pamene wosula ankayambira ntchito yake pachipala. Pa mwala waukulu wophwathalala, ndi nyundo imene nthawi zambiri inalinso mwala, ankatambasula chitsulocho mpaka chitatenga maonekedwe a tsamba: chotakata pakati, chosongoka kunsonga, chakuthwa uku ndi uku monga nthungo. Kumbuyo ankasiya kamchira kachitsulo kamene ankakawotcha n'kukalowetsa m'chigwiriro cha mtengo. Chimake nachonso chinali ndi luso lake. Mmisiri ankasema timatabwa tiwiri, n'kutigoba m'kati molingana ndi mpeniwo, kenaka n'kutiphatikiza ndi kutimanga ndi mitsempha ya nyama, chikopa kapena waya wa mkuwa. Kunja ankasiya kamfundo kobowola kolowetsamo chingwe, kuti mwini wake azimangirira m'chiuno kapena pamkono. Mpeni ukalowa bwino, sunkagwa ngakhale munthu athamange, komanso sunkavuta kusolola ndi dzanja limodzi.

Kumene mpeni wotere unkaonetsera ntchito yake kunali ku uzimba. M'chilimwe, tchire litapsa, amuna a midzi ingapo ankatuluka ndi agalu, mauta, nthungo ndi zibonga. Nyama ikagwa, malamulo ankadziwika kwa aliyense: woyamba kulasa ndiye mwini nyama, womuthandiza kutsiriza ankalandira gawo lake, ndipo mwini dziko sankaiwalidwa. Kugawa kumeneku kunkachitika ndi mpeni, anthu onse akuona. Mnyamata ankaphunzira pomwepo kusenda chikopa osachiboola, kupeza mfundo ya fupa m'malo molimbana nalo, ndiponso kupereka mpeni kwa mnzake mousonyeza chigwiriro. Choncho mpeni unalinso chida chophunzitsira chilungamo ndi ulemu.

Angoni a Maseko anafika m'dziko lotereli. Atachoka kummwera pa nthawi ya nkhondo za Shaka, anawoloka Zambezi m'zaka za m'ma 1830. Motsogozedwa ndi Mputa anapitirira mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo Mputa atafa, Chidyaonga anawabweza kudzakhazikika ku phiri la Domwe cha m'ma 1870. Pambuyo pake ufumu unapita kwa Chikuse, mwana wa Mputa, amene analamulira mpaka imfa yake mu 1891. Anthu amene anawapeza m'derali, Antumba ndi Achewa ena, ambiri analowetsedwa m'midzi ya Angoni, ena mogwidwa pankhondo, ena mogonja okha pofuna chitetezo. Patapita mibadwo yochepa, olamulirawo anayamba kuyankhula chinenero cha olamulidwa, n'chifukwa chake lero ku Ntcheu timayankhula Chichewa, Chingoni chitatsalira m'nyimbo, m'mayina ndi m'malonje a mafumu.

Angoni anabwera ndi ng'ombe, ndi nzeru za nkhondo, komanso ndi luso lalikulu la zikopa. Ankadziwa kusankha chikopa cha chishango, kufufuta chikopa chovala mpaka chifewe ngati nsalu, ndiponso kuveka chikopa chachiwisi cha kumchira wa ng'ombe pa mtengo wa nthungo, kuti chikauma chigwire zolimba popanda msoko. Koma gulu la anthu loyenda ulendo wa zaka makumi ambiri silingadziwe kumene kuli miyala ya chitsulo m'dziko lachilendo. Odziwa zimenezi anali eni nthaka. Wosula akagwidwa ankasungidwa bwino, pakuti impi yopanda nthungo si impi. Motero chida chimene lero timachitcha cha Chingoni, chitsulo chake nthawi zambiri chinkachokera m'ng'anjo ya a Phiri, a Banda kapena a Mbewe, pamene chikopa chake chinkadutsa m'manja mwa a Maseko kapena a Ngozo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mpeni ndi chimake chake ndi umboni wogwirika wa zimenezi.

Zinthu zinasintha mofulumira atsamunda atafika. Mu 1891 Britain ndi Portugal anagwirizana za malire amene anadula dziko la Amaseko pakati, Domwe n'kutsalira mbali ya Apwitikizi. Mpaka lero munthu akaima pa msika wa Lizulu amaona kuti msewu wa M1 ndiwo malire: tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambique, koma anthu ake ndi amodzi. Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, anakana kugonjera boma latsopanolo pa nkhani za msonkho ndi zotumiza anthu ake kukagwira ntchito kwa Azungu. Asilikali a atsamunda anamugwira ndi kumuwombera pa 27 October 1896, ndipo manda ake ndiwo ali ku Nkolimbo kuja. Kuchokera pamenepo nthungo inasiya kukhala chida cha nkhondo, inasanduka ya gule. Pamene Inkosi Philip Gomani ankakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, sanatume impi. Anauza anthu ake kuti asamvere malamulo a boma.

Nanga ng'anjo inafa bwanji? Palibe lamulo limodzi limene tingaliloze chala. Inafa pang'onopang'ono, pa zifukwa zingapo zogwirizana. Choyamba, sitolo za African Lakes, zija tinkaziti za Mandala, pamodzi ndi za amwenye, zinadzaza ndi makasu ndi mipeni ya m'mafakitale a ku Britain, yotsika mtengo poyerekeza ndi thukuta la pang'anjo. Chachiwiri, msonkho unachotsa amuna m'midzi kupita nawo ku minda ya Azungu, ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni, pamene ntchito ya ng'anjo inkafuna manja ambiri kwa masiku ambiri. Chachitatu, zitsulo zotha ntchito zinayamba kupezeka, ndipo wosula anaona kuti n'kwapafupi kuwotcha khasu lakutha kusiyana ndi kukumba miyala. Chachinayi, malamulo oteteza nyama, amene anayamba m'zaka za m'ma 1890 ndi kukhwimitsidwa m'zaka za m'ma 1920, anachepetsa ulenje wa anthu akuda. Pofika cha m'ma 1930, moto wa ng'anjo unali utazima pafupifupi m'dziko lonse.

Chimake chinafa imfa yakeyake. Amuna obwera ku Wenela ndi ku Theba ankabwera ndi mpeni wopinda wa Okapi, umene unayamba kupangidwa ku Solingen m'dziko la Germany mu 1902, ndipo kuyambira 1988 umapangidwa ku South Africa. Mpeni wopinda sufuna chimake. Umangolowa m'thumba la kabudula. Agogo anga aamuna, amene sanapiteko ku Joni, anali m'gulu la anthu otsiriza m'mudzi mwathu kusunga mpeni wa chimake cha mtengo. Ankaupachika kudenga pafupi ndi khomo, ndipo mwana akaukhudza ankadzudzulidwa mwamphamvu. Amalume atabwera ndi Okapi wonyezimira, ife ana tonse tinathamangira kukaona wachilendoyo, ndipo wa agogo uja sunayang'anidwenso. Agogo atatisiya, katundu wawo anagawidwa, koma pa tsikulo panalibe munthu amene anafunsa za mpeniwo. Ndikhulupirira kuti nkhani yotereyi inachitika m'mabanja ambiri a kwa Njolomole, kwa Kwataine, kwa Ganya ndi kwa Mpando.

Si ife tokha amene tikuyesa kuutsa zida za makolo. Ku America kuli anthu ambiri amene amasula ndi manja mipeni yotengera ya alenje a m'zaka za m'ma 1820 ndi 1830, aja ankasaka nyama za ubweya kumadzulo kwa dzikolo. Amisiri amenewa amapita kunyumba zosungirako zakale, amayeza mipeni yeniyeni, ndipo amatsutsana ngakhale pa kasokedwe ka chimake. Khama limeneli ndi loti titengerepo phunziro. Koma mbiri yawo ilinso ndi chenjezo. Mpeni wotchuka wa Bowie unatenga dzina kwa Jim Bowie, amene anamenya nawo ndewu m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi mu 1827. Mbale wake Rezin analemba mu 1838 kuti unali mpeni wamba wa ulenje. Koma mafakitale a ku Sheffield ku England ataona malonda, anapanga mipeni yambirimbiri yokongoletsedwa ya dzina lomwelo, ndipo maonekedwe a mipeni yamalondayo ndiwo anthu ambiri amawadziwa lero. Komanso zimake zambiri za alenje aja, za mikanda ndi mphonje zachikopa, zinatengera luso la eni dziko amene Azungu anawapeza kumeneko. Chinthu chotengera chikhoza kusunga mbiri, chikhozanso kuiphimba.

Ngozi yomweyi ilipo kwathu kuno. Wosula wa lero amagwiritsa ntchito chitsulo cha masipuling'i a galimoto kapena tupa wakutha, amavukuta ndi chipangizo chopukusa cha gudumu la njinga, ndipo chimake amasoka ndi chikopa cha mbuzi kapena cha ng'ombe. Pa zimenezi ine sindiona cholakwika. Chitsulo cha sipuling'i n'cholimba ndipo chimasunga kuthwa, komanso lamulo loteteza nyama zakuthengo la 1992 sililola kupha kambuku pofuna chikopa. Vuto lili pa maonekedwe. Tsiku lina ndinacheza ndi bambo wina wosula pa msika wa m'mbali mwa msewu, ndipo ndinawafunsa kumene anatenga maonekedwe a mipeni yawo, imene inali yakuthwa mbali imodzi, ya nsonga yopindikira m'mwamba. Anandiyankha mosabisa kuti amasula zimene ogula amafuna, ndipo ogulawo amawaonetsa zithunzi za pa foni, zina za m'mafilimu, zina za Azulu a ku South Africa. Sindinawadzudzule, pakuti munthu amagwira ntchito kuti ana adye. Koma mnyamata amene adzagule mpeni umenewo adzauza ana ake kuti umu ndimo unalili mpeni wa makolo ake. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuti tione kufulumira kwa kutha kwa nzeru, tikumbukire zimene zinachitika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anapempha okalamba a kwa Chulu ku Kasungu ndi a ku Phoka ku Rumphi kuti amangenso ng'anjo ndi kusungunula chitsulo monga kale. Okalambawo anali ataona ntchitoyi ali anyamata, zaka pafupifupi makumi asanu m'mbuyomo. Anayesetsa, ndipo zambiri zimene zinalembedwa za kamangidwe ka ng'anjo, kuchuluka kwa makala ndi mankhwala ake zinachokera kwa anthu amenewa. Ochita kafukufukuwo akanachedwa ndi zaka makumi awiri, akanapeza manda okhaokha. Ng'anjo zakale zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu, koma dothi lowotcha silingafotokoze mmene linkagwirira ntchito. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo nalonso limauma.

Ku Ntcheu mbadwo umene unaona ng'anjo ikuyaka unapita. Chimene chatsala ndi chipala, mipeni ndi nthungo zakale zimene mabanja ena akusungabe, komanso okalamba amene anaona agogo awo akusema chimake. Ziliponso zolembedwa. Margaret Read, amene anachita kafukufuku pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, anatulutsa buku lake la The Ngoni of Nyasaland mu 1956, ndipo Samuel Ntara anatisiyira Mbiri ya Achewa m'chinenero chathu. Ku Chichiri mumzinda wa Blantyre kuli nyumba yosungirako zakale, ndipo ku Mua m'boma la Dedza, ulendo wosatalika kuchokera ku Ntcheu, kuli nyumba ya Chamare imene imafotokoza chikhalidwe cha Angoni ndi cha Achewa. Wosula amene akufuna kutengera zenizeni ali ndi poyambira.

Tsono pempho langa likupita kwa magulu atatu. Kwa amisiri, ndikuti asanayatse makala ayambe afunafuna mpeni wakale m'midzi yowazungulira, augwire, auyeze, aone mmene chigwiriro chinalowera ndi mmene chimake chinamangidwira. Akafuna kusula wa maonekedwe atsopano asule ndithu, koma pogulitsa anene kuti ndi watsopano. Kwa okonza miyambo, ndikuti pambali pa bwalo la ngoma pakhalenso malo a chipala, pamene ana angaone chitsulo chikufiira ndi kumva kuti nthungo ya impi inkasulidwa ndi yani. Kutchula wosula wa Chichewa pa mwambo wa Chingoni sikuchepetsa ulemu wa Inkosi ya Makosi; ndi kunena zoona za mmene anthu a ku Ntcheu anakhalira mtundu umodzi. Kwa ife alembi, ntchito yathu ndi ya mawu. Ng'anjo, chipala, mvukuto, mbaniro, kufufuta, chimake: ana ambiri a sukulu lero mawuwa amangowamva m'Baibulo, osadziwa kuti zinthuzo zinali kuseri kwa nyumba ya agogo awo.

Ena adzati tsabola wakale sawawa, mpeni ndi mpeni basi, bola ukudula. Pa ntchito ya kukhitchini akunena zoona, ndipo mpeni wa m'sitolo ukukwanira. Koma munthu amene amamangirira mpeni m'chiuno popita ku Nkolimbo sakupita kukadula anyezi. Akupita kukauza ana ake ndi alendo kuti makolo ake anali otere. Mawu amenewo ndi aakulu, ndipo ayenera kukhala oona. Amene akusunga mpeni wakale m'nyumba asautaye, asaugulitsenso kwa ogula zitsulo zakutha. Aufunse mbiri yake kwa akulu amene alipo, ailembe papepala, ndipo pepalalo alisunge pamodzi ndi mpeniwo.